Chuku m'ngala za chamba cha Malawi Gold: komwe chimayambira ndi momwe mungachithetsere

Dandaulo la alimi amene amalima chamba pa chiphaso limabwera lomwelomwelo chaka ndi chaka. Mbewu inamera bwino, mitengo inatalika kupitirira denga la nyumba, ngala zinadzaza, fungo linkamveka uli kumsewu. Koma pofika nthawi yosankha m'chigafa, ukang'amba ngala pakati umapeza mkati mwada, mwafewa, ndipo mwamera tiubweya totuwa. Ena amapulumuka ku kuwola koma katundu wawo amatuluka akununkha ngati udzu wofolera, fungo lonse lokoma litathawa. Wogula akabwera ndi zotsatira za ku labotale, amangopukusa mutu.

Ndikulembera inu amene muli ndi chilolezo. Lamulo la mu 2020 linatsegula khomo la chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale pansi pa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo mu 2024 aphungu anavomereza zosintha lamuloli kuti chamba chathu cha makolo nachonso chizilimidwa pa chiphaso. Funsani ku bungweli mtundu wa mbewu umene chiphaso chanu chikulola musanafese kanthu. Kulima, kusunga kapena kusuta chamba popanda chilolezo ukadali mlandu.

Mfundo yanga ndi imodzi: chuku chimene mumachiona m'chigafa mu Juni chinalowa m'munda mu Marichi kapena Epulo. Mukamalimbana nacho pa nthawi youmitsa pokha, mwachedwa kale.

Mbewu yake ndi nyengo yake

Malawi Gold ndi chamba cha mtundu wa sativa chimene chakhala chikulimidwa kuno kwa mibadwo, ndipo mbiri yake inamveka kwambiri kuchokera ku Nkhotakota ndi ku Mzimba. Mtengo wake ndi wamtali, umatha kufika mamita 3 kapena kuposerapo, masamba ake ndi a zala zazitali zowonda, ndipo ngala zake ndi zazitali, zotakasuka, zoti mphepo imadutsamo. Chikauma bwino chimanunkhira motsekemera, kufupi ndi chinanazi chakupsa, kumapeto kwake kukumveka kafungo ka mtengo ndi ka tsabola. Fungo limenelo ndi limene ogula akunja amalifuna, ndipo ndi limene limayamba kutayika mlimi akalakwitsa.

Vuto lake ndi kuchedwa kukhwima. Mitundu yochokera kunja ya ngala zothinana imakhwima pakatha masabata 8 kapena 9 chiyambire maluwa, pamene sativa wa kuno amafuna masabata 12 mpaka 16. Chamba chimayamba maluwa usiku ukayamba kutalika. Mukadzala ndi mvula yoyamba mu Novembala kapena Disembala, maluwa amaoneka cha mu Febuluwale ndi Marichi, mvula ikadali pakati, ndipo kukhwima kumagwera mu Meyi ndi Juni. Ndiye taonani: koyambirira maluwa amanyowa ndi mvula, kumapeto amanyowa ndi mame a m'mawa ndi nkhungu, ndipo kwa anzathu a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba chiperoni chimabwera ndi mvula yowaza ya masiku angapo dzuwa osaoneka. Chuku chotuwa, chimene akatswiri amachitcha Botrytis, chimakonda nyengo yotereyi ndendende: kozizirira, pakati pa madigiri 15 ndi 25, mpweya wodzaza chinyezi, ndi duwa logona ndi madzi usiku wonse.

Yambani mwadziwa chimene mukuona

Zinthu zitatu zimasokoneza anthu. Choyamba ndi utomoni weniweni wa duwa. Ukauona ndi galasi lokulitsira zinthu, kapena ndi kamera ya foni yabwino, umaoneka ngati timitu tozungulira tonyezimira toima pa timiyendo. Umenewo ndiye chuma chanu, musauope. Chachiwiri ndi ufa woyera umene umayala pamwamba pa masamba, makamaka a mkati amene saona dzuwa. Ukaupukuta ndi chala umachoka, koma umabwerera, chifukwa nawonso ndi mtundu wina wa chuku. Chachitatu ndi chuku chotuwa, ndipo ichi ndi chimene chimapha munda chifukwa chimayambira mkati, pafupi ndi tsinde la ngala, pomwe diso silifika.

Chizindikiro chake choyamba ndi chaching'ono kwambiri. Pa ngala yobiriwira bwino, kasamba kamodzi kotulukira pakati pa maluwa kamafota, n'kupindika, n'kusanduka chikasu, anzake onse ali bwinobwino. Kagwireni mukakoke pang'ono. Kasamba kamoyo kamakana. Kakangozuka kopanda mphamvu, tsinde lake lili lofewa ndi lakuda, tsegulani ngalayo ndi zala pamalo pomwepo. Mupeza mkati mwa bulauni, monyowa, ndi tiulusi totuwa. Mukaigwedeza n'kuona kafumbi kakuuluka, ndiye kuti njere za chukucho zakhwima ndipo zayamba kale ulendo wopita ku mitengo ina.

Kuyambira sabata lachisanu la maluwa, yenderani munda m'mawa uliwonse, mzere ndi mzere, maso ali pa ngala zazikulu za pamwamba. Zimenezo ndi zimene zimasunga madzi nthawi yaitali, choncho ndi zimene zimayamba kuwola.

Mbozi ndiye khomo

Pa zifukwa zonse, ichi ndi chimene anthu amachiphonya kwambiri. Mbozi yomwe ija imaboola thonje, tomato ndi nandolo imakondanso chamba. Gulugufe wake amaikira mazira usiku pa maluwa anthete. Kambozi kakaswa kamalowa mkati mwa ngala n'kumadya mobisala, kusiya mabala ndi tindowe takuda. Bala lililonse ndi polowera chuku, ndipo tindoweto timasunga chinyezi. Mukatsegula ngala zowola khumi, zambiri mwa izo mupezamo kanjira ka mbozi kapena ndowe zake. Munda woyandikana ndi thonje, chimanga kapena nandolo uyenera kuyang'aniridwa kawiri.

Apa m'pamene mlimi wozolowera tomato amathamangira sipuleya. Chonde musatero. Mankhwala monga Dithane kapena cypermethrin akagwera pa duwa la chamba amamatira ku utomoni ndipo sachoka ndi madzi. Katundu wa mankhwala amayezedwa zotsalira za mankhwala ophera tizilombo, zitsulo zoopsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo akapezeka ndi chimodzi mwa izi amakanidwa yense. Komanso pamapeto pake amene adzagwiritse ntchito duwalo ndi munthu wodwala. Njira yoyamba ndi manja: kutola mbozi madzulo ndi m'mamawa pamene zatuluka. Yachiwiri ndi mankhwala a tizilombo tachilengedwe otchedwa Bt, amene amapha mbozi ikadya tsamba lopoperedwa, ndipo amagwira bwino mbozi ikadali yaing'ono, isanalowe mkati. Poperani madzulo chifukwa dzuwa limawafooketsa, koyambirira kwa maluwa, osati ngala zitakhwima. Ngakhale amenewa, funsani kaye wogula wanu ngati amawalola, ndipo gulani okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo.

Feteleza ndi kuthinana

Dzanja la mlimi wa chimanga limadziwa kuti mbewu ikafika m'mawondo imafuna yureya, ndipo ikaoneka yotuwa imafunanso wina. Pa chamba, nayitrojeni ndi wofunika mtengo ukamakula, koma maluwa akayamba muchepetse kwambiri. Yureya wothira mochedwa amabweretsa masamba ambiri, akuda bii ndi kubiriwira, ofewa ndi amadzi. Masamba amenewo amatseka mphepo, amachedwetsa kukhwima, ndipo ngala yake ikauma imakhala ndi fungo laliwisi lokanda pakhosi. Masamba akuluakulu a m'munsi akayamba chikasu kumapeto kwa maluwa, si matenda. Mtengo ukudya nkhokwe yake. Asiyeni, kapena athotholeni.

Za mipata sindichulukitsa mawu. Mtengo wa mamita 3 sungadzalidwe ngati soya. Siyani mita imodzi ndi theka kapena mamita 2 pakati pa mitengo, mizere iloze kumene mphepo imachokera, ndipo maluwa asanayambe dulani nthambi za pansi zosaona dzuwa. Udzu wautali pansi pa mitengo umasunga mame mpaka masana, upalireni. Ngati mukuthirira, madzi apite pansi, m'mawa, osati pa masamba. Nthambi zolemera zimangireni ku nsungwi zisagone m'matope. Amene ali ndi nyumba za pulasitiki adziwe kuti denga limatchinga mvula koma limasunga thukuta la mbewu. M'mawa madontho amagwa kuchokera ku pulasitiki kugwera pa ngala, choncho mbali zake zizitsegulidwa dzuwa likangotuluka.

Ndinenepo pang'ono za mbewu zakunja. Ambiri amakopeka ndi zithunzi za ngala zonenepa zolimba, n'kuiwala kuti mitundu imeneyo inasankhidwira nyumba zoti chinyezi chake chimawongoleredwa ndi makina. Mukaidzala panja kuno imayamba maluwa ikadali yaifupi, chifukwa tsiku lathu ngakhale mu Disembala limangofika pafupifupi maola 13, ndiye ngala zake zothinana zimakhwima mvula ili pachimake. Zimawola msanga kuposa zathu. Kutakasuka kwa ngala ya Malawi Gold, kumene ena amakunyoza kuti sikulemera pa sikelo, ndi chitetezo chimene mbewuyi inachipeza pokhala m'nyengo yathu zaka zambirimbiri.

Mukachipeza m'munda

Musaigwedeze ngalayo. Ivekeni jumbo kaye, kenako dulani pansi pa malo owola, kusiya mpata wa zala zitatu kapena zinayi m'gawo labwino. Mangani jumboyo mutuluke nayo m'munda. Sizasi kapena mpeni upukuteni ndi spiriti musanakhudze mtengo wina, ndipo sambani m'manja. Zowolazo zisapite pa dzala la manyowa kapena kutayidwa m'mphepete mwa munda. Zilembeni m'kaundula wanu, kulemera kwake ndi tsiku, ndipo ziwonongedwe motsatira zimene chiphaso chanu chimanena, chifukwa oyendera minda amafuna kuona kumene katundu aliyense anapita.

Funso lovuta ndi lakuti: ndikolole msanga kapena ndidikire? Maganizo anga ndi akuti ngati chuku chaoneka pa mitengo ingapo, timitu ta utomoni tambiri tasiya kuoneka ngati madzi n'kuyamba kuyera ngati mkaka, ndipo kumwamba kukusonyeza kuti chiperoni chikubwera, kololani. Kutaya sabata limodzi la kukhwima n'kochepa poyerekeza ndi kutaya theka la munda. Koma ngati maluwa akadali anthete, tiubweya take tonse tili toyera, kukolola sikupulumutsa kanthu. Chotsani zodwala, thotholani masamba mphepo idutse, m'mawa muzigwedeza pang'ono mitengo yabwino mame agwe. Sativa sakhwima nthawi imodzi, ndiye mutha kudula ngala za pamwamba n'kusiya za m'munsi sabata lina kapena awiri.

Kololani mame atauma koma dzuwa lisanawawe. Ngala zodula zisaunjikidwe m'thumba kapena m'ngolo, ngakhale kwa maola ochepa. Mulu wa maluwa aawisi umatentha mkati, ndipo m'menemo ndi momwe kuwola kumathamangira.

M'chigafa

Alimi a fodya wa bale ali ndi mwayi chifukwa manja awo amadziwa kale kumva tsamba. Chigafa chitha kugwira ntchito, koma chisinthidwe. Chiyenera kukhala chamdima, chifukwa kuwala kumawononga THC, chinthu chimene chimapatsa chamba mphamvu yokwera kumutu, ndi fungo lomwe. Chikhale chotchinga m'mbali kuti nkhungu ya usiku isalowe, koma chokhala ndi potulukira mpweya pamwamba ndi polowera pansi. Pansi pakhale pouma, pa simenti kapena poyala pulasitiki. Mikangala ndi zingwe zimene zinagwira fodya musazigwiritse ntchito, chifukwa zimasiya fungo ndi chikonga, ndipo zitha kukhala ndi zotsalira za mankhwala. Mbuzi, nkhuku ndi matumba a mtedza zikhale kutali.

Chotsani masamba akuluakulu, pachikani nthambi chozondoka, iliyonse payokha osakhudzana ndi inzake. Chimene mukufuna ndi kuuma pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14, kutentha kwa madigiri 15 mpaka 21, chinyezi cha mumpweya cha pakati pa 55 ndi 65 peresenti. Kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ndalama ya chiphaso. Gulani tiwiri, kena kakhale pakati pa mikangala, kena pafupi ndi khomo. Masiku atatu oyamba ndiwo oopsa chifukwa madzi ambiri amatuluka nthawi imeneyo. Chinyezi chikakwera kupitirira 70, tsegulani masana, talikitsani nthambi, ndipo ngati muli ndi magetsi kapena sola yatsani fani yoloza kukhoma, osati pa maluwa. Mbaula ya makala m'chigafa ayi. Utsi umalowa mu utomoni ndipo suchoka, komanso ngozi ya moto ndi yaikulu.

Tsono za fungo la udzu lija. Limabwera mlimi akaopa chuku n'kuthawira mbali ina: kuyanika pa dzuwa, pa thanthwe, pa mkeka, kapena pansi pa malata otentha. Kunja kwa ngala kumauma m'masiku awiri, kubiriwira kwa tsamba kumatsekeredwa momwemo kusanasungunuke, ndipo mafuta onunkhira, amene amauluka msanga pakatentha, amapita ndi mphepo. Choipa china n'chakuti mkati mumakhala mukadali madzi, ndiye katunduyo amaoneka wouma, mumamutsekera, patapita masiku amachita chuku chomwe mumathawacho. Fungo likathawa motero silibwerera, ngakhale mutasunga miyezi ingati.

Poyesa kuuma, pindani kanthambi kakang'ono. Kakangopindika ngati luzi, sikanafike. Kakathyoka n'kumveka kuti thyo, kunja kwa ngala kuli kouma koma kosafumbutuka, yafika nthawi yotsitsa. Ogula ambiri amafuna chinyezi cha m'duwa cha pafupifupi 10 mpaka 12 peresenti.

Kenako ikani m'zotengera zoyera zotseka bwino, mabotolo agalasi kapena zidebe zosungira chakudya, osadzaza mpaka pakamwa ndiponso osatsendera. Sabata loyamba tsegulani tsiku lililonse kwa mphindi zingapo, tembenuzani ndi dzanja loyera, ndipo nunkhizani. Mphuno ikuuzani zoona. Fungo lotsekemera likamakula tsiku ndi tsiku, zili bwino. Mukamva fungo loboola mphuno ngati la mkodzo wa m'khola, kapena ngala zafewa n'kumamatirana, munatsitsa msanga: tulutsani zonse, yalani pa sefa pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ng'ambani zingapo muone mkati. Pakatha masabata atatu kapena anayi, kukanda kwauwisi kumatha ndipo fungo la chinanazi lija limakhazikika.

Ena afunsa za njira ya makolo, yokulunga chamba mwamphamvu m'makoko a chimanga kapena m'makungwa a nthochi n'kumanga ndi luzi kuti chivundikire mkati. Njira imeneyi ndi imene inapatsa Malawi Gold mtundu wake wa golide wakuda ndi fungo lozama, ndipo ndi luso loyenera ulemu. Koma imadalira chinyezi ndi kutentha, zomwenso chuku chimafuna, ndipo mpata pakati pa kuvundikira bwino ndi kuwola ndi wochepa kwambiri. Pa msika wa mankhwala, pomwe amawerenga tizilombo m'giramu iliyonse, musaiyese pokhapokha wogula ataipempha yekha ndipo muli ndi koyezetsa.

Chowola sichikonzeka

Apa ndiye pamene mtima umandiwawa. Pali amene amapukuta chuku ndi burashi, kuyanika pa dzuwa, n'kusakaniza ndi katundu wabwino. Ena amati tikapangira mafuta zitha. Sizitha. Dzuwa litha kuumitsa tiubweya, koma njere zake zimatsala, ndipo poizoni amene mitundu ina ya chuku imapanga sachoka ndi kutentha wamba. Alimi a mtedza mukuidziwa kale nkhani ya poizoni wotchedwa aflatoxin, momwe yatsekera mtedza wathu misika ina ya kunja. Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimene chimaipanga chimameranso pa chamba chosungidwa chonyowa. Njere za Aspergillus zikalowa m'mapapo a munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo sali pa mankhwala, amene akulandira chithandizo cha khansa, kapena amene mapapo ake anawonongeka ndi TB, zitha kuyambitsa matenda ovuta kuchiza ndi akupha. Anthu oterewa ndi omwewo amene chamba cha mankhwala chimapangidwira. Antchito anu osankha m'chigafa nawonso avale zotchinga pakamwa ndi pamphuno akamagwira zowola.

Ndipo wina asakuuzeni kuti ubwino wa katundu umadziwika polawa. Malawi Gold ali ndi THC wambiri ndi CBD wochepa (CBD ndi chinthu china cha m'chamba chimene sichiledzeretsa). Mphamvu yake imakwera kumutu, imakhalitsa maola, imathamangitsa mtima ndi maganizo, imachotsa tulo, ndipo kwa ena imabweretsa mantha ndi kukayikira aliyense. Kwa achinyamata, ndi kwa amene kubanja kwawo kuli matenda a maganizo, kusuta pafupipafupi kumakweza chiopsezo cha kusokonezeka mutu, ndipo ogwira ntchito ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba ndi ku Saint John of God ku Mzuzu amakumana nazo zimenezi. Pa famu ya chiphaso, mphamvu ya duwa imayezedwa ku labotale. Tengani zitsanzo kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa chotengera chilichonse, lembani nambala ya gulu lake, ndipo musasakanize magulu zotsatira zisanabwere.

Chigafa chikatha ntchito, sesani zinyalala zonse, tsukani mikangala, zingwe, masefa ndi zidebe ndi madzi a Jik, muziyanike pa dzuwa ziume gwa. M'munda zulani zitsa ndi mapesi onse, chifukwa chuku chotuwa chimagona m'zotsalira zimenezo kudikira mvula ina. Ngati malo alipo, chaka chamawa sinthani munda, ndipo gawo lija la kunsi kwa dambo kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa mudzalepo mbewu ina.